Bambo anga akutupa mapazi ndipo akugona chokhala: kodi ndi mtima?

Funso: Ndine mayi wa ku Lobi m'boma la Dedza. Bambo anga, a zaka 61, anawapeza ndi BP zaka ziwiri zapitazo, koma atamwa mankhwala miyezi itatu anasiya ponena kuti achira. Tsopano mapazi akutupa, akangoyenda pang'ono kupita kudimba amachita befu, ndipo usiku amagona chokhala chifukwa akagona chagada amabanika. Achibale ena akuti ndi tsempho. Mwezi watha mnansi wathu anagwa m'munda n'kumwalira pomwepo, ndipo anthu akuti unali mtima. Kodi matenda a mtima amadziwika bwanji, amapewedwa bwanji, nanga munthu akagwa mwadzidzidzi tingachite chiyani?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi chimene sichiyenera kudikira. Kutupa mapazi, befu poyenda ndi kubanika pogona zikapezeka pamodzi mwa munthu amene anasiya mankhwala a BP, wachipatala aliyense amayamba waganiza za mtima umene wafooka moti ukulephera kupopa magazi mokwanira. Matenda a impso, a chiwindi ndiponso kuchepa kwa magazi nawonso amatupitsa mapazi, ndipo chimene chimasiyanitsa zonsezi ndi kupima, n'chifukwa chake bambo anu ayenera kukaonedwa mawa lomwe. Yambirani kuchipatala chaching'ono chapafupi, ndipo akakulemberani kuti mupite kuchipatala chachikulu cha boma ku Dedza musazengereze. Mutenge buku lawo lakuchipatala pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene akhala akumwa, ngakhale ogula pagolosale. Koma mukaona kuti akubanika ali chikhalire osachita kanthu, akulephera kumaliza chiganizo polankhula, milomo yada, kapena akutsokomola makhololo a thovu, musadikire kuti kuche.

Mtima ndi mnofu waukulu ngati chibakera cha mwini wake, wokhala ndi zipinda zinayi, ndipo mwa munthu wamkulu amene akupumula umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, n'kupopa magazi okwana pafupifupi malita 5 pa mphindi iliyonse. Alimi a kwanuko amene amathirira kachewere ndi pampu ya injini amadziwa chimene chimachitika paipi ikapindika: injini imalira molemedwa, imatentha, ndipo ikagwira ntchito motero nthawi yaitali imatha mphamvu. Umu ndi mmene BP imaonongera mtima. Mitsempha ikakhala yopanikizika zaka ndi zaka, mtima umakankha magazi movutikira, mnofu wake umakhuthala, kenaka umatamuka n'kufooka. Apa m'pamene amene akuona chithunzi cha m'chifuwa amakuuzani kuti mtima wakula.

Mtima ukafooka, magazi amachedwa kuchoka m'mapapo ndi m'miyendo, ndipo madzi amayamba kutuluka m'mitsempha n'kudikha. Masana munthu akaima kapena kukhala, madziwo amatsikira kumapazi. Usiku akagona, amabwerera kuchifuwa n'kulowa m'mapapo, ndipo n'chifukwa chake bambo anu amapeza mpumulo akakhala tsonga. Mungathe kudzionera nokha madzulo ano: kanikizani chala chachikulu pamsongolo, pamwamba pang'ono pa kakolo, muwerenge mpaka 10, kenaka muchotse. Pakatsala kadzenje kochedwa kufafanizika, amenewo ndi madzi. Muyang'anenso m'khosi ali chikhalire, chifukwa mitsempha ya m'mbali mwa khosi imaoneka yodzadza mwa munthu amene mtima wake walemedwa. Odwala otere ambiri amayamba alandira mankhwala a chifuwa kapena a mphumu kangapo chifukwa amangonena za kutsokomola usiku, choncho mukakafika mukafotokoze zonse zitatu pamodzi, ndipo mukanene poyera kuti mankhwala a BP anasiyidwa liti.

Za tsempho ndinene mwaulemu. Achibale anuwo akuona chinthu chenicheni, thupi lotupa ndi chifuwa chobanika, ndipo akuchitchula monga anaphunzirira kwa makolo. Kukangana nawo pabwalo sikungathandize wodwala. Chimene ndikupempha n'chakuti nkhani za m'banja zisachedwetse ulendo wa kuchipatala, ndipo pasakhale wotema mphini pamiyendo yotupayo, chifukwa khungu lodzadza madzi limachucha, limachedwa kupola, ndipo kachilonda kakang'ono kamasanduka bala la miyezi. Mankhwala a zitsamba omwetsa m'mabotolo nawonso ndi oopsa kwa munthu wotere, pakuti impso zake zalemedwa kale.

Gwero la vuto la bambo anu liyenera kuti ndi BP ija, ndipo ndi nthenda imene yafala kuposa mmene anthu amaganizira. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 alionse a iwowa sankadziwa. Kusadziwako n'komveka, chifukwa BP siipweteka. Anthu amakonda kunena kuti "ndikumva kuti BP yakwera" mutu ukamawawa kapena akakhumudwa, koma zoona zake n'zakuti munthu angathe kukhala ndi BP ya 180 akulima bwinobwino, ndipo wina mutu ungamuwawe BP yake ili bwino. Si nthenda ya onenepa kapena a m'tauni okha, ndipo mlimi wowonda wa ku Bembeke kapena ku Tsangano angathe kukhala nayo, makamaka ngati makolo ake anali nayo kapena zaka zapita. Timati munthu ali ndi BP pamene makina asonyeza 140 pamwamba kapena 90 pansi, ngakhale kuposerapo, pa masiku awiri osiyana. Kuti muyeso ukhale woona, munthu ayambe wakhala pansi mphindi 5, msana utatsamira, mkono uli patebulo, osalankhula, ndipo asakhale atangosuta fodya. Amene wangotsika panjinga atakwera chitunda n'kupimidwa pomwepo amapatsidwa nambala yabodza.

Bambo anu sanalakwitse ponena kuti ankamva bwino, koma kumva bwinoko sikunali kuchira. Mankhwala a BP amaigwira tsiku limene mwamwalo, ndipo mukasiya imakweranso mwakachetechete pakangopita masiku ochepa. Kwa anthu ambiri ndi mankhwala a moyo wonse, monga mmene alili ma ARV. Amene amaperekedwa kawirikawiri m'zipatala zathu ndi hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril, ndipo aliwonse ali ndi tizovuta take timene timachititsa anthu kusiya osauza dokotala. Oyambawo amakodzetsa, choncho amwedwe m'mawa. Amlodipine amatupitsa akakolo mwa ena. Enalapril amabweretsa chifuwa chouma chosatha mwa ena, ndipo mayi woyembekezera sayenera kumwa. Zonsezi zili ndi njira yake, chifukwa dokotala angathe kusintha mtundu, koma sangasinthe chimene sanauzidwe. N'zoona kuti nthawi zina mankhwala amasowa m'zipatala. Zikatero pemphani kuti akulembereni dzina ndi mlingo wake kuti mukagule kufamase yovomerezeka, ndipo muzipita kukatenga ena kutatsala sabata kuti akale athe. Kubwereka mapilitsi a mnansi chifukwa nawonso ndi "a BP" n'kuika moyo pachiswe.

Ngati atapezekadi ndi mtima wofooka, bambo anu adzapatsidwa mankhwala ochotsa madzi otchedwa furosemide, amene ambiri amawadziwa kuti Lasix, pamodzi ndi ena othandiza mtima. Masiku oyambirira adzakodza kwambiri, mapazi adzaphwa, ndipo adzayambanso kugona chogona. Nthawi imeneyi ndiyo yoopsa, chifukwa m'pamene anthu amati achira kachiwiri. Ngati pali sikelo pafupi, aziyezedwa kawirikawiri, chifukwa kukwera ndi makilogalamu 2 m'masiku atatu kumatanthauza kuti madzi akubwerera ngakhale mapazi asanaonetse. Chinanso chimene anthu sauzidwa mokwanira n'chakuti mankhwala a ululu monga brufen, diclofenac ndi indocid, amene alimi amamwa ngati chizolowezi akaweruka kumunda, amasunga mchere ndi madzi m'thupi, amakweza BP ndipo amaononga impso. Wa mtima wofooka akamva kuphwanya m'thupi amwe panado.

Pa kapewedwe, ndikhalitsa pa mchere chifukwa ndi pamene banja lingasinthe zinthu popanda kutulutsa ndalama. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, umene ndi pafupifupi supuni imodzi yaing'ono ya tiyi, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Kwa banja la anthu 6, ndiye kuti paketi ya kilogalamu imodzi iyenera kukwana mwezi wathunthu n'kutsalako. Werengani masiku amene paketi imatha kwanu, ndipo mudziwa pamene muli. Mchere wina subwera ndi dzina lake: uli mu soda amene timathira m'therere ndi m'nyemba kuti zipse msanga, m'timibulu tokometsera ndiwo, mu nsomba zouma zothira mchere, mu buledi, ndiponso m'kambale kaja ka mchere ndi tsabola kamene timasunsamo kanyenya ndi chipisi pachiwaya. Chepetsani pang'onopang'ono mumphika wa banja lonse m'malo mophikira wodwala kamphika kakekake kosakoma, chifukwa lilime limazolowera pakapita masabata angapo, ndipo ana amene akula ndi mchere wochepa mwawateteza kale. Pamkeka podyera pasakhale mchere wowonjezera.

Zakudya zoteteza mtima simuzisowa m'dera lanu, pakuti kabichi, mpiru, tomato, nyemba ndi mapichesi zimene zimadzadza msika wa Lizulu zimachoka m'minda mwanu momwemo. Kachewere wowiritsa alibe vuto. Chimene chimamuipitsa ndi mafuta amene aphikidwa mobwerezabwereza mpaka kuda. Nsima ya mgaiwa, ndiwo zamasamba zotendera ndi nyemba n'zabwino kuposa nyama yonona ya tsiku ndi tsiku. Fodya ndi mdani wa mitsempha m'mitundu yake yonse, wa m'paketi, wopichira, ngakhale wa mphuno ndi woika m'kamwa amene agogo ambiri samuwerengera. Kachasu ndi mowa wina uliwonse womwa mopyola muyeso umakweza BP, ndipo paokha umatha kufooketsa mnofu wa mtima ngakhale mwa mnyamata. Za kulimbitsa thupi sindingamuuze zambiri mlimi amene amagwira khasu kuyambira m'bandakucha, koma aphunzitsi, ogulitsa m'mashopu ndi oyendetsa galimoto afunika mphindi 150 pa sabata za kuyenda mwandawala kapena ntchito yotulutsa thukuta. Wamkulu aliyense pakhomo panu, kuyambira inuyo, apimitse BP kamodzi pachaka, ndipo apimitsenso shuga, chifukwa nthenda ziwirizi zimakonda kuyendera limodzi.

Pali nthenda ina ya mtima imene simunafunse koma ikukhudza ana anu. Imayamba ndi zilonda zapakhosi zobwera ndi kachilombo ka bakiteriya kotchedwa streptococcus, kamene kamafala mosavuta pamene ana agona mothithikana, monga zimakhalira m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kumapiri kwanuko. Mwa ana ena a zaka 5 mpaka 15, pakapita masabata awiri kapena atatu khosi litapola, chitetezo cha thupi chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo. Mwana amatentha thupi, bondo limatupa n'kupweteka, mawa ululu wasamukira pakakolo kapena pachigongono, ndipo ena manja amagwedezeka okha moti amalephera kugwira cholembera. Mfundozo zimachira, koma mavalavu a mtima, amene ndi tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, amatsala ndi zipsera. Nthendayi ikabwereza kangapo, mtsikana wa zaka 18 amapezeka ndi befu ndi mapazi otupa ngati a bambo anu, ndipo ambiri amadziwika pamene atenga pathupi poyamba. Opaleshoni ya mavalavu ndi yodula ndiponso yovuta kuipeza m'dziko muno, pamene kupewa kwake n'kotchipa modabwitsa: mwana wotentha thupi amene akumva kuwawa pomeza, wopanda chimfine kapena chifuwa, apite kuchipatala, ndipo akapatsidwa mapilitsi a masiku 10 amalize onse. Amene wadwalapo kale nthendayi amabayidwa jakisoni wa benzathine penicillin masabata anayi alionse kwa zaka zambiri. Jakisoniyo ndi wowawa ndipo ana amamuthawa, koma mwezi uliwonse wodumphidwa umatsegulira nthendayo khomo.

Amayi ena mtima umafooka m'mwezi womaliza wa pathupi kapena m'miyezi yoyambirira atachira, choncho befu ndi kutupa kwa mayi woyamwitsa zisatengedwe ngati kutopa wamba. Woyembekezera amene watupa nkhope ndi manja, mutu ukumuwawa kwambiri ndipo akuona zinthu mwachimbuuzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku la sikelo. TB nayonso imatha kudzadza madzi m'kathumba kokuta mtima, makamaka mwa amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo imeneyi imachizika.

Tsopano za mnansi wanu. Munthu wamkulu akagwa mwadzidzidzi n'kumwalira, kawirikawiri chimakhala chimodzi mwa zitatu: mtsempha wodyetsa mtima watsekeka, kagundidwe ka mtima kasokonezeka mpaka kuima, kapena mtsempha waphulika muubongo. Mtima uli ndi mitsempha yakeyake imene imaupatsa magazi, ndipo fodya, shuga, BP ndi mafuta a m'magazi zimaichepetsa njira m'kupita kwa zaka. Chenjezo loyamba limakhala kufinyika pachifuwa munthu akamakwera chitunda kapena kusenza thumba, kumene kumatha akaima mphindi zochepa. Ameneyo akaonedwe sabata yomweyo. Tsiku limene magazi aundana n'kutsekeratu njirayo, ululu umakhala wolemera pakati pa chifuwa, sutha ngakhale apumule, umapitirira mphindi 15, ndipo umatha kufalikira kumkono wamanzere, kunsagwada kapena kumsana, pamodzi ndi thukuta lozizira ndi mseru. Amayi, okalamba ndi odwala shuga nthawi zina samva ululu wotere. Iwo amangobanika, kufooka kwambiri, kapena kumva kutentha pachifu, n'kumaganiza kuti ndi zilonda za m'mimba.

Mukaona zimenezi, munthuyo asiye zonse, akhale pansi motsamira, ndipo mummasule zovala zothina. Mpatseni aspirin wa mamiligalamu 300 kuti atafune, koma musamupatse ngati aspirin amamuwenga, ali ndi zilonda za m'mimba zotaya magazi, kapena pali zizindikiro za sitiroko. Asayende wapansi kupita kumsewu ndipo asapalase njinga yekha. Mnofu wa mtima umene wasowa magazi umayamba kufa pasanathe ola limodzi, ndipo umene wafa subwereranso.

Sitiroko imaoneka mosiyana. Uzani munthuyo kuti amwetulire, akweze manja onse awiri, ndipo anene dzina la mudzi wake. Kamwa ikapotokera mbali imodzi, mkono umodzi ukagwa, kapena mawu akamatuluka osamveka, chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kuti munyamuke. Kumbukirani nthawi imene zayambira chifukwa mudzafunsidwa. Apa musapereke aspirin, pakuti sitiroko ina imabwera ndi kutsekeka kwa mtsempha pamene ina ndi kuphulika kwake, ndipo zimasiyanitsidwa ndi makina ojambula ubongo amene amapezeka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe. Musamumwetse madzi, phala kapena mapilitsi owonjezera a BP, chifukwa kumeza kumakhala kutasokonezeka, ndipo chimene mwapereka mwachikondi chimatsikira m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Ngakhale zizindikirozo zitatha zokha pakapita mphindi zingapo, apitebe tsiku lomwelo, popeza sitiroko yaikulu imakonda kutsatira m'masiku ochepa.

Munthu akagwa n'kukomoka, mugwedezeni paphewa ndi kumuitana mokweza, kenaka muyang'ane chifuwa kwa masekondi 10. Ngati akupuma bwino, mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwitse, ndipo musamuthire kanthu m'kamwa. Ngati sakupuma, kapena akungokoka mpweya movutikira mwa apo ndi apo, mtima waima. Kumuthira madzi, kumukupiza ndi chitenje kapena kumununkhitsa anyezi kumangotaya mphindi zimene ubongo ulibe, chifukwa umayamba kuonongeka pakangopita mphindi 4 mpaka 6 wopanda magazi. Tumani wina pomutchula dzina lake kuti akafune galimoto, mugonekeni chagada pamalo olimba, gwadani pambali pake, ikani chikhatho pakati penipeni pa chifuwa ndi dzanja lina pamwamba, ndipo zigongono zili zowongoka kanikizani mwamphamvu kuti chifuwa chilowe masentimita 5 kapena 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, mukulola chifuwacho kubwerera nthawi iliyonse. Amene anaphunzitsidwa angathe kuuzira mpweya m'kamwa kawiri akakanikiza ka 30, koma amene sanaphunzire angopitiriza kukanikiza. Ntchitoyi ndi yotopetsa, choncho muzilandirana mphindi ziwiri zilizonse. Nthiti ikathyoka musaleke. Ndinene mosabisa kuti kumudzi, kutali ndi makina odzidzimutsa mtima ndi magetsi, opulumuka mwa njira imeneyi ndi ochepa, ndipo amene anayesetsa koma munthu n'kupita asadziimbe mlandu.

Popeza muli ndi wodwala mtima pakhomo, nkhani ya mayendedwe ikonzedwe lero banja lili phee. Sungani m'foni ya aliyense nambala za anthu awiri a galimoto a m'dera lanu amene angadzuke usiku, patulani ndalama ya mafuta imene siikhudzidwa ngakhale nthawi yogula feteleza, ndipo gwirizanani kuti amene alipo ndiye wonyamuka, osadikira kuti mwinimbumba ayambe wafika. Ngati chopezeka ndi njinga yamoto yokha, wina akhale kumbuyo kumugwira wodwalayo, ndipo wobanika asagonekedwe chagada ngakhale m'galimoto. M'nyengo ya mvula, pamene misewu yafumbi imaterera, nyamukani zizindikiro zikadali zazing'ono. Pamene mukukayika ngati chimene mukuona n'choopsa, mungathe kuimba ulere ku Chipatala Cha Pa Foni, koma pa ululu wa pachifuwa, kubanika kwambiri kapena kupotoka kwa kamwa, muimbe muli kale pa ulendo.